Kalata ya alendo a pa Ilala inalowera kuti?

Tsiku limene Ilala yafika padoko la Nkhata Bay, onse a ntchito yolandira alendo amakhala kalikiliki. Mchemwali wanga wamng'ono amagwira ntchito pa loji ina m'mbali mwa nyanja, ndipo tsiku lina lotero anandiimbira foni mawu akuchita kunjenjemera. Alendo awiri atsika m'sitima kuchokera ku Likoma, zikwama kumsana, akuti anasungitsa chipinda kudzera pa imelo. Iye wayang'ana mu Inbox, wakwera, watsika, kalata yawo osaoneka. Zipinda nazo zadzaza.

"Achimwene, ndinaiona ndi maso angawa Lachiwiri pafoni ya ofesi. Ndinati ndilemba m'buku ndikamaliza za kukhitchini, pobwera yasowa. Abwana akuti ndinadilita ndine."

Sanadilite. Kalatayo tinakaipeza madzulo ake m'kompyuta yakale ya mu ofesi ya abwanawo, ili phee m'foda imene munthu wina, amene anasiya ntchito kalekale, anaikonza kuti makalata onse a osungitsa zipinda azigweramo. Lachiwirilo magetsi anazima kuyambira m'mawa. Atayaka, kompyuta ija inadzuka, n'kukoka makalata onse ku seva, n'kuwafufuta kumeneko monga inauzidwira, n'kuwasanja m'mafoda ake. Foni imangoonetsa zimene zili pa seva. Choncho siinaname: kunalibedi kanthu.

Chimatisocheretsa ndi chithunzi. Timaona kafoda pa sikirini, timagwira kalata ndi chala n'kuiponyamo, ndiye m'mutu mumabwera kalaliki wa kwa DC akuchotsa pepala m'fayilo ina n'kuliika mu inzake. Pepala limodzi, malo amodzi. Koma kuseri kwa kachithunziko kuli nkhokwe zomangidwa mosiyana, ndipo kusuntha kalata ndi ntchito yosiyana m'nkhokwe iliyonse. Kwina amakopera kaye n'kufufuta pambuyo. Kwina amangosintha dzina la fayilo. Kwina palibe n'chimodzi chomwe chimene chasuntha, angomata kachizindikiro kena pa kalata yomweyo.

Nkhokwe yakale kwambiri imatchedwa mbox, ndipo inayamba ndi makompyuta a Unix m'zaka za m'ma 1970. Foda yonse ndi fayilo imodzi yaitali, makalata ali ndondondo, ngati nsomba zotungidwa pa luzi limodzi. Polekezera kalata ina ndi poyambira inzake pamadziwika ndi mzere woyamba ndi liwu loti "From". Thunderbird, pulogalamu yaulere imene mumaipeza m'maofesi ambiri a mabungwe, imasunga makalata motere: pali fayilo yotchedwa Inbox, ndipo pambali pake pali kafayilo ka Inbox.msf, komwe ndi kaundula wonena kuti kalata yakuti ili pamalo akuti. Mukasuntha kalata, pulogalamu imailembanso kumapeto kwa fayilo ya foda yatsopano, koma yakale ija siichotsa pomwepo. Kuchotsa nsomba ya pakati pa luzi n'kofuna kumasula zonse. Imangoiika chizindikiro choti yafa n'kusiya kukuonetsani. N'chifukwa chake Inbox yooneka yopanda kanthu imatha kudya malo ambiri pa kompyuta, mpaka tsiku limene mudzalamule Compact, pamene pulogalamu imatunga luzi latsopano kusiya zakufa zija. Kaundula akasokonekera, makalata amaoneka opanda mutu kapena mutu wa kalata ina umatsegula kalata ina, ngakhale makalata eni akewo ali bwinobwino. Palinso tsoka lina lodziwika: pulogalamu yoteteza ku mavairasi ikapeza kalata imodzi yoipa, imatha kutsekera fayilo yonse, ndiye Inbox ya zaka zisanu n'kusowa nthawi imodzi.

Cha m'ma 1995 Daniel J. Bernstein, polemba pulogalamu yake ya qmail, anakonza njira ina yotchedwa Maildir. Kalata iliyonse ndi fayilo payokha, ngati usipa woyanikidwa pathandala. Foda iliyonse ili ndi tizipinda titatu: tmp, new ndi cur. Kalata ikamafika imalembedwa kaye mu tmp, ikatha yonse ndi pamene imasamutsidwira mu new, ndipo pulogalamu yanu ikaiona imapita mu cur. Ngati mwaiwerenga, kumapeto kwa dzina la fayiloyo kumaikidwa chilembo S. Ngati mwayankha, R. Kwa ife a kuno amene magetsi amatithawa osatsanzika, nzeru ili apa: kusintha dzina la fayilo kumachitika konse kapena sikuchitika n'komwe. Kalata siingatsale theka uku theka uko. Pa mbox, magetsi akazima pulogalamu ili mkati molemba, luzi limatha kuduka pakati pa kalata.

Outlook ya Microsoft ili ndi yake. Makalata, mafoda, maadiresi ndi kalendala, zonse zimalowa m'fayilo imodzi ya PST. Pa Outlook 97 mpaka 2002 fayiloyi inkalekezera pa 2 GB, ndipo ikafika pamenepo inkavuta kutsegula. Outlook 2003 inakweza malire kufika pa 20 GB, ya 2010 pa 50 GB. Pali inzake yofanana nayo maonekedwe, OST, koma iyo kwenikweni ndi chithunzithunzi chabe cha zimene zili pa seva. Munthu amakopera OST pa fulashi n'kumati wasunga makalata, osadziwa kuti siitseguka wamba pa kompyuta ina.

Izi ndi za m'kompyuta imodzi. Nkhani imakula pamene foni, laputopu ndi kompyuta ya mu ofesi zikutapa m'nkhokwe imodzi, chifukwa funso limakhala lakuti mwini makalata ndani.

POP inabadwa mu 1984, ndipo mtundu wake wachitatu, POP3, mu 1988. Imagwira ntchito ngati bokosi la ku positi ofesi: mumapita ndi kiyi, mumatenga zonse, bokosi limatsala lopanda kanthu. Siidziwa za mafoda, imadziwa bokosi limodzi basi. Mafoda onse amene mumapanga ali m'kompyuta yanu yokha, makalata amene mwatumiza nawonso ali momwemo. Tisainyoze. Inakonzedwera nthawi imene munthu ankalumikiza kwa mphindi zochepa pa waya wa telefoni n'kudula msanga poopa bilu, ndipo kwa munthu wa ku Usisya kapena ku Ruarwe, amene amakwera pachulu kuti apeze netiweki, maganizo amenewo sanakalambe. Kungoti POP imayesa kuti muli ndi makina amodzi. Pa loji ija panali makina awiri, ena olankhula POP, ena IMAP, ndipo a POP ankakolola m'munda wa onse.

IMAP anaiyambitsa Mark Crispin ku Stanford mu 1986. Makalata ndi mafoda zimakhala pa seva. Makina anu amangosunga kope. Kalata iliyonse imapatsidwa nambala yake, UID, koma nambalayo imagwira ntchito m'foda imodzi yokha. Kalata ikapita ku foda ina imalandira nambala ina, ndipo kwa foni yanu imeneyo ndi kalata yachilendo. Mapulogalamu ena amaikokanso yonse, ndi zithunzi zake zomwe.

Chodabwitsa n'chakuti kwa zaka zoposa 25 IMAP inalibe lamulo losunthira kalata. Pulogalamu inkachita zinthu zitatu motsatizana: COPY, kukopera kalata ku foda yatsopano, STORE, kuika chizindikiro cha imfa pa yakale, EXPUNGE, kusesa zonse zokhala ndi chizindikirocho. Tsono ganizani muli pa minibasi yochokera ku Mzuzu, mukutsika mapiri aja, netiweki ikubwera n'kumathawa m'makona. Mwasuntha makalata makumi awiri. COPY yadutsa, netiweki yaduka. Makalata tsopano ali m'mafoda onse awiri. Kapena seva yakopera koma yankho lake silinafike pa foni; foni ikaona kuti sinamve kanthu imabwereza, ndiye m'foda yatsopano muli mapasa. EXPUNGE nayo inali tsache losasankha: inkasesa chilichonse chokhala ndi chizindikiro m'fodamo, ngakhale zimene mnzanu wa pa makina ena anangozilemba akadaganizira. Anadzakonza lamulo losesa kalata imodzi yotchulidwa nambala, koma lamulo lenileni la MOVE linavomerezedwa mu Januwale 2013, m'chikalata cha RFC 6851. Mtundu watsopano wa IMAP wa 2021 unaliika kukhala lofunika kwa seva iliyonse. Ma seva ndi mapulogalamu akale akadali ndi njira ya magawo atatu ija, ndipo kuno zakale sititaya msanga.

Pali nambala inanso imene anthu saimva n'komwe koma imawadyera ndalama, UIDVALIDITY. Ndi lonjezo la seva lakuti manambala a m'foda iyi akadali omwe aja. Kampani yokusungirani imelo ikasamutsira makalata pa makina atsopano, kapena ikamanganso kaundula wake, nambalayi imatha kusintha. Pulogalamu yanu ikaona choncho imataya zonse zimene inasunga n'kuyamba kukoka kuyambira pachiyambi. Mwagula bandulo m'mawa, pofika masana yatha, inu osatsegula Facebook kapena WhatsApp. Mumatukwana kampani ya foni, pamene wakuba ndi laputopu imene ikukokanso makalata a zaka zisanu ndi zitatu.

Kusuntha makalata pakati pa maakaunti awiri n'kodula kuposa apo. Ma seva awiriwo salankhulana. Kalata imatsika kaye kudzera pa bandulo yanu n'kukweranso kudzera pa bandulo yomweyo. Ndipo apa ndi pamene masiku amasokonekera. Kalata ili ndi tsiku limene wotumiza analemba, malinga ndi wotchi ya makina ake, imene ingakhale yolakwika. Ilinso ndi tsiku limene seva inailandira. Pulogalamu yosamutsa ikapanda kunena tsiku lakale, seva yatsopano imalemba la lero. M'mawa mwake mupeza makalata zikwi zitatu onse akuti anafika dzulo usiku, a chaka chatha asakanikirana ndi a sabata ino. Pa kompyuta ina, imene imasanja potengera tsiku la wotumiza, foda yomweyo ili mwadongosolo. Anthu awiri a mu ofesi imodzi amatha kukangana mpaka madzulo, aliyense akuloza sikirini yake, onse akunena zoona.

Maina a mafoda nawo ali ndi zawo. Foda ya makalata otumizidwa Outlook imaitcha Sent Items, pulogalamu ya Apple inkakonda Sent Messages, Thunderbird imati Sent, Gmail imati Sent Mail. Pulogalamu ikapanda kupeza dzina limene yazolowera imapanga foda yake. Akaunti imene yadutsa m'manja mwa anthu anayi mumaipeza ili ndi mafoda atatu a zotumizidwa, ndipo yankho limene munapatsa mlendo lili mu imodzi imene simunaitsegulepo. Mu 2011 anagwirizana njira yoti seva izinena yokha kuti foda ya zotumizidwa ndi iyi, ya zinyalala ndi iyi, kaya dzina lake n'lotani. Zinathandiza, koma mafoda amasiye aja sanachoke okha.

Kanthu kena kakang'ono kamandiseketsa. IMAP yakale siinkalola zilembo zachilendo m'maina a mafoda, ndiye inkazibisa m'njira yakeyake. Mukalemba dzina la dziko lathu ndi ŵ wa kachipewa uja, Malaŵi, pa seva foda imalembedwa Mala&AXU-i. Pulogalamu yabwino imabweza dzina loona musanaone. Yosalongosoka imakuonetsani chomwecho, ndipo munthu amayesa vairasi n'kufufuta foda.

Gmail itabwera pa 1 Epulo 2004 inakana mafoda onse. Kalata ilipo imodzi, m'mulu umodzi wotchedwa All Mail, ndipo pa iyo mumamata zizindikiro, ma label, zochuluka mmene mungafunire. Inbox nayo ndi chizindikiro chabe. Archive ndi kuchotsa chizindikiro chimenecho, kalata osasuntha. Ine ndimaona kuti awa ndiwo maganizo oongoka, chifukwa kalata ya mlendo wofunsa za chipinda komanso za boti lopita ku Usisya ndi ya nkhani ziwiri, ndipo foda imakukakamizani kusankha imodzi. Mavuto anayamba mu 2007 pamene Gmail inalola IMAP, chilankhulo chodziwa mafoda okhaokha. Chizindikiro chilichonse chinayenera kuvala nkhope ya foda. Kalata ya zizindikiro ziwiri imaoneka m'mafoda awiri komanso mu All Mail, katatu, ndipo mapulogalamu ena amaikoka katatu konse. Munthu wokonda ukhondo amaona ngati ndi mapasa n'kuyamba kupalira. Akaichotsa m'foda ya chizindikiro, kawirikawiri changochoka ndi chizindikirocho, kalata ikadali mu All Mail. Koma akaiponya mu Trash, yachoka m'mafoda onse nthawi imodzi, poti inali imodzi kuyambira kale, ndipo pakatha masiku 30 Gmail imaifufutiratu. Dzanja lachita chimodzimodzi, zotsatira kutalikirana ngati Chintheche ndi Chitipa.

Njira yatsopano ya JMAP, imene inatsogoleredwa ndi a kampani ya Fastmail n'kuvomerezedwa mu 2019, inavomereza zimenezi poyera: kalata ili ndi nambala imodzi yosasintha ndipo ingakhale m'mabokosi angapo. Kuisuntha n'kungosintha mndandanda wa mabokosi ake. Koma ma seva ndi mapulogalamu ambiri akadalankhula IMAP.

Tsopano za amene amasanja inu muli mtulo. Malamulo osanjira makalata, ma filter, amakhala malo awiri. Ena amakhala m'pulogalamu ya pa kompyuta, ndipo amagwira ntchito pokhapokha kompyutayo ili yoyaka. Ena amakhala pa seva ndipo amasanja kalata ikangofika. Ma filter a Gmail ndi otere, ndipo ma seva ena amagwiritsa ntchito chilankhulo cha Sieve, chimene chinalembedwa mwalamulo mu 2001. Kusiyana kwake kumaoneka bwino kuno kumene kompyuta imatha kukhala yozima tsiku lathunthu. Ndi malamulo a m'kompyuta, kalata imakhala mu Inbox ya pafoni kuyambira m'mawa, n'kusowa madzulo magetsi akayaka. Ndi a pa seva, siionekamo n'komwe, koma makina onse amaipeza malo amodzi. Onjezanipo alonda a Spam, wina pa seva, wina m'pulogalamu, aliyense ndi maganizo ake, komanso Gmail imene kuyambira 2013 imagawa Inbox m'magawo a Primary, Social ndi Promotions, magawo amene pulogalamu ya IMAP siiwaona. Kalata imodzi imatha kugwiridwa ndi manja anayi inu musanaione. Malamulo awiri akatsutsana, wina kukankhira uku wina kubweza, kalata imayenda ngati bwato lopanda nkhafi.

Kodi kusanja konseku kuli ndi phindu? Mu 2011 Steve Whittaker ndi anzake ku IBM anaunika mmene anthu 345 ankapezera makalata awo akale. Anapeza kuti okonza mafoda ambirimbiri sankapeza makalata bwino kuposa ongofufuza ndi liwu, ndipo kutsegula foda ndi foda kunkatenga nthawi yaitali. Ndikugwirizana nawo theka. Anthu awo anali ndi intaneti yosaduka, pamene kufufuza pafoni nthawi zambiri kumafunsa seva, ndipo netiweki ikathawa mumangofufuza m'makalata ochepa amene foni inasunga. Komanso akaunti ya pa loji kapena pa ofesi ya bungwe ndi ya anthu angapo, ndipo foda imauza mnzanu kuti iyi ndayankha, iyi ikudikira. Mafoda atatu kapena anayi amene aliyense akuwadziwa amagwira ntchito. Makumi anayi, okonzedwa ndi munthu amene anapita ku Joni zaka zitatu zapitazo, ndi nkhalango.

Alendo aja anagona pa loji yoyandikana nayo, abwana analipira. M'mawa mwake tinakhala pansi ndi kompyuta ija. Choyamba tinakopera nkhokwe yake yonse pa fulashi, tisanakhudze kanthu, chifukwa makalata a zaka zambiri anali mmenemo mokha, pa makina amene fani yake imalira ngati chigayo. Kenako tinaiuza kuti isiye kufufuta makalata pa seva, n'kulumikiza akauntiyo mwatsopano kudzera pa IMAP. Lamulo losanja lija tinalichotsa m'kompyuta n'kukalilemba pa seva. Mafoda a zotumizidwa analipo atatu, tinasankha imodzi.

Abwana anaima kumbuyo kwathu manja m'thumba. "Ndiye mwanayu sanalakwe?"

"Sanalakwe, bwana. Anachedwa kulemba m'buku, basi."

Buku lija, la chikuto cholimba, likadali pa tebulo la polandirira alendo, ndipo tsopano amalembamo kalata ikangofika, za kukhitchini zidikire. Makalata akale tikuwakweza pa seva pang'onopang'ono, foda imodzi usiku umodzi, netiweki ikakhala bwino, ndipo m'mawa mchemwali wanga amayang'ana ngati masiku ake sanasokonekere komanso ngati chiwerengero cha uku chikufanana ndi cha uko asanachotse kanthu. Sabata yatha anandiuza kuti afika pa foda ya 2019.